Manja Amene Sanalembedwe m'Buku la Malipiro

Ukachoka pa boma la Dedza kulowera ku Ntcheu, suyenda mtunda wautali usanafike pamphambano ya ku Bembeke. M'mbali mwa msewu mumakhala ndowa za mbatatesi zosanjidwa mwaluso, zikuluzikulu pamwamba, kabichi ali milumilu, nyemba, tomato ndi anyezi. Dera ili n'lozizira, mvula imagwa bwino, ndipo ndiwo zochuluka zimene zimadyedwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre zimatsika kuchokera m'mapiri amenewa. Kuno kulibe maesiteti aakulu a tiyi ngati a ku Thyolo ndi ku Mulanje, ngakhale a fodya ngati a ku Kasungu. Minda ndi ya mabanja. Komabe amene ali ndi feteleza, mbewu ndi kandalama salima yekha. Amalemba aganyu, ndipo pagulu la aganyuwo umapeza amayi ambirimbiri, ena a m'mudzi momwemo, ena ochokera kutali.

Ganyu alibe kalata. Mwini munda amaloza ndime, amawerenga mizere, mumagwirizana mtengo pakamwa, basi khasu pansi. Malipiro akhoza kukhala ndalama, mbale ya ufa, chimanga, kapena timbatatesi ting'onoting'ono totsala posankha za kumsika. Mwezi wa January ndi February, nkhokwe zitapepuka, mayi amadzuka m'bandakucha kukabandira munda wa mnzake, mwana ali kumsana, pamene wake ukumera tchire. Akapeza chakudya cha lero wataya zokolola za mawa, ndipo chaka chamawa adzabwereranso ku ganyu yemweyo. Mu June, nkhungu itakuta madimba, amathirira ndi khasu ndi kheni m'madzi ozizira mpaka zala kuuma. Akakana mtengo, mwini munda sadandaula. Kumbuyo kwake kuli wina amene ana ake sanadye dzulo.

Mbiri ya sitalaka ndi mabungwe a anthu apantchito m'Malawi imakonda kuyambira pa madalaivala, pa njanji ndi m'mafakitale. Mayi wa khasu amatchulidwa mochedwa ndiponso mwa apo ndi apo. Chifukwa chake n'chakale: bungwe limatsata mayina amene ali m'buku la malipiro, ndipo kwa zaka zoposa 100 dzina lolembedwa m'bukumo linali la mwamuna.

Zinayamba ndi msonkho wa nyumba, umene boma la Harry Johnston linakhazikitsa m'zaka zoyambirira za m'ma 1890. Cholinga sichinali ndalama zokha. Ankafuna kuti munthu wakuda asowe pothawira, apite kukagwira ntchito kwa mzungu, ndipo pambuyo pake anakonza zoti wogwira mwezi wathunthu kwa mzungu azikhoma theka lokha la msonkho. Amuna a ku Dedza ndi ku Ntcheu anayamba ulendo, ena ku maesiteti a kummwera, ena wapansi kudzera ku Tete mpaka ku Salisbury, ndipo kenako anadza a Wenela ndi a Mthandizi kudzawalembera kwawo komweko. Pamene ansembe a White Fathers ankatsegula mishoni ya Bembeke mu 1910, maulendo amenewa anali atayamba kale. Ena ankabwerako ndi njinga ndi jekete, ena anasanduka matchona. Otsala m'mudzi anali amayi, ndipo msonkho ukalephereka, asilikali a boma ankatentha nyumba kapena kugwira mkazi n'kumusunga kufikira ndalama itapezeka. Mwamuna wa ku mgodi ankalandira malipiro ochepa chifukwa kunyumba kunali wina womulimira, womulerera ana ndi womusamala akabwerera ndi chifuwa. Ntchito imeneyo sinalowe m'kaundula aliyense.

Kummwera nkhani inali thangata. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, mabanja a Alomwe ankawoloka malire kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Malo amene anapeza anali ataperekedwa kale kwa azungu, choncho anakhala pa esiteti polipira lendi ndi thukuta. Mlomwe ameneyu anali mlendo m'minda ya Nyasaland, ndipo sanabwere yekha. Anabwera ndi mkazi ndi ana, amene ankapalira, kutola thonje, kenako kuthyola tiyi, akulandira zochepa kuposa mwamuna. Nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, pansi pa William Jervis Livingstone, zinali pakati pa zimene zinautsa John Chilembwe pa 23 January 1915. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala pa malo a azungu linabweretsa bala lina limene linagwa pa amayi mwachindunji. Pakati pa anthu a chikamwini, mwamuna ndiye amapita kwa mkazi. Koma lamulolo silinapatse mkamwini ufulu wokhala pa esiteti, ndipo mwana wamwamuna akafika zaka 16 ankataya ufulu wake. Mtsikana wobadwira pomwepo ankayenera kupempha kwa bwana kuti banja lake limangidwe pamalo a mayi ake.

Anthu amenewa analibe bungwe, koma sanangokhala chete. Wolemba mbiri Robin Palmer, amene anafufuza za maesiteti a tiyi kuyambira 1930 mpaka 1953, anasonyeza kuti antchito ankalimbana ndi mabwana m'njira zawozawo: kujomba, kugwira mwaulesi, kuchoka pa esiteti yankhanza kupita pa ina, ndi kubwerera ku minda yawo mvula ikagwa, nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri ndipo bwana akufuna manja onse. Sitalaka ya munthu wopanda bungwe inali ya mapazi. Mkwiyo unaphulika poyera mu August 1953, pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali pakhomo. Mkangano umene unayambira pa esiteti ya Mangunda ku Thyolo unafalikira, anthu anatseka misewu, anakana lendi ndi msonkho, antchito anasiya ntchito, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962.

M'zaka zomwezo mabungwe enieni anali atabadwa. Clements Kadalie wa ku Chifira, ku Nkhata Bay, anayambitsa ICU ku Cape Town mu 1919, bungwe la apantchito limene linafika mpaka kwa antchito a m'mafamu a South Africa. Kwathu kuno la madalaivala linalembetsedwa mu 1949, la a njanji linatsatira, kenako la a m'maesiteti. Koma ufulu utabwera, mpata unatsekeka. Mu 1965 mabungwe anaikidwa pansi pa Malawi Congress Party, ndipo kunyanyala ntchito kunasanduka kuukira boma. Amayi anasonkhanitsidwa ndithu, mwaunyinji kuposa kale lonse, mu ligi ya amayi ndipo kuyambira 1985 mu Chitukuko Cha Amayi m'Malawi. Anavala nsalu ya chipani, anakwera malole, anavina pamaso pa Ngwazi monga mbumba yake. Za mtengo wa tsiku la khasu panalibe wozitchula pamsonkhano. Ine ndimaona kuti apa dziko linataya mwayi waukulu, chifukwa luso losonkhana, loimba mogwirizana ndi lomvana amayiwo anali nalo kale.

Nthawi imeneyo ndiyo maesiteti a fodya anakula. Fodya wa bale ndi wa fuluu anasungidwira eni maesiteti, ndipo nduna, akuluakulu a chipani ndi makampani monga Press Farming anatsegula minda ku Kasungu, Mchinji, Lilongwe, Mzimba ndi Rumphi. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo kuchokera ku migodi. Dr Banda analetsa kulemba anthu a ku Joni, amuna zikwizikwi anabwerera, ndipo maesiteti anapeza manja. Apa ndi pamene utenanti unafalikira kwambiri. Lole inkabwera m'midzi ya kummwera ndi ya m'chigawo chapakati, kuphatikizapo ya ku Dedza, kudzatenga mabanja athunthu ndi mphasa zawo ndi miphika yawo.

Ndikufuna tiime pang'ono pa mkazi wa tenanti, chifukwa iyeyu ndiye chithunzi chenicheni cha mayi wosamukira ku ntchito ya m'munda m'dziko lino. Mgwirizano unali wa pakamwa, pakati pa mwini esiteti ndi mwamuna. Mwini esiteti ankapereka malo, mbewu, feteleza ndi phoso, zonse pangongole, zodzadulidwa fodya akagulitsidwa ku okushoni. Mtengo wa fodya wa tenanti ankaunena ndi bwana yemweyo. Mwamuna yekha sangathe munda wa fodya, ndipo onse ankadziwa zimenezi. N'chifukwa chake ankafuna wapabanja. Mkazi ankathirira nazale m'mawa ndi madzulo, ankawokera mvula yoyamba ikagwa, ankapalira, ankathyola masamba onyowa ndi mame. Chikonga cha m'masamba onyowa chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndipo munthu amamva mutu, chizungulire ndi nseru ngakhale sanasutepo. Akaweruka kumunda ankakhala pansi pa chigafa kusoka fodya mpaka kuwala kutatha, kenako kukatunga madzi, kukafuna nkhuni ndi kuphika phoso limene kawirikawiri linkatha mwezi usanathe. Likatha, ankapita ku ganyu m'midzi yoyandikana. Ana ankasoka naye, sukulu ikudutsa.

Tsiku lowerengera, woitanidwa ku ofesi anali mwamuna. Ngati patsala kanthu ngongole zitadulidwa, kankalowa m'thumba mwake, ndipo zoti kafike kunyumba zinkadalira mtima wake. Ngati ngongole yaposa fodya, banja linkakhalanso chaka china, lopanda ngakhale ya basi. Mwamuna akamwalira kapena ukwati ukatha pakati pa nyengo, mkazi analibe pepala losonyeza kuti anagwirapo ntchito. Kumudzi kwawo ku Bembeke kapena ku Mulanje mayi ameneyu ndiye anali mwini munda, malume ake ali pafupi. Pa esiteti anali mlendo wopanda mbale, wokhala m'chisakasa cha udzu pamalo a mwini wake. Munthu wotere akanyanyala, amanyanyalira yani? Amene angamuone koyamba ndi mwamuna wake, amene ngongole ili pa dzina lake.

Kenako alendo anabwera ku Dedza komweko. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique itakula mu 1986, anthu a ku Angónia ndi madera ena a Tete anawolokera kuno, ndipo pachimake Malawi anasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Dedza ndi ku Ntcheu malire ndi msewu chabe m'malo ena, chilankhulo n'chimodzi, mafuko ndi amodzi, choncho ambiri anakhala m'midzi pakati pa abale m'malo mwa misasa. Ochuluka anali amayi ndi ana. Ankalandira ufa, nyemba ndi mafuta, koma analibe minda, ndipo sopo, ndiwo ndi nsalu zinkafuna ndalama. Anagwira ganyu m'minda ya eni mudzi. Harri Englund, amene anachita kafukufuku m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Angónia, analemba za momwe ubale, ganyu ndi kudalirana zinalukanirana m'zaka zimenezo. Wolemba ganyu anali msuweni, mlamu, kapena mfumu imene inakupatsa pomanga nyumba. Kukangana naye pa mtengo kunali kovuta kuposa kukangana ndi mzungu wa pa esiteti. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ambiri anabwerera kwawo, ndipo lero njira inatembenuka: chaka cha njala ndi Amalawi amene amawoloka kukagwira ganyu ku Mozambique kuti abwere ndi chimanga pamutu.

Chaka chomwecho cha 1992 ndicho chinatsegula pakamwa pa dziko. Pa 8 March, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi, ndipo mmodzi mwa oisainira anali Ambuye Gervazio Chisendera a dayosizi ya Dedza, imene tchalitchi chake chachikulu chili ku Bembeke. Anthu amaikumbukira pa ndale, koma inanenanso za malipiro osakwanira ndi mitengo yotsika imene alimi ankalandira. Pa 6 April, Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a apantchito kummwera kwa Africa, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu May antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, moto unafalikira mumzinda, apolisi anawombera ndi kupha anthu ambiri, ndipo sitalaka zinafika mpaka m'maesiteti a tiyi ndi a fodya. Chofunika kuchiona n'chakuti sitalaka zimenezi sanaziitanitse ndi mabungwe, pakuti anali atagona zaka pafupifupi 30. Antchito anayamba okha, mabungwe anadzuka pambuyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Malamulo anatsatira. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wolowa bungwe la apantchito, malipiro ofanana pa ntchito yofanana, ndi ufulu wonyanyala ntchito. Malawi Congress of Trade Unions inadzukanso mu 1995, lamulo la ubale wa pantchito linadza mu 1996, la ntchito mu 2000. Matenanti anapeza bungwe lawo, Tobacco Tenants and Allied Workers Union of Malawi, limene Raphael Sandramu analitsogolera zaka zambiri kuchokera ku Nkhotakota. Bilu yoteteza matenanti inalembedwa mu 1995, koma inakhala m'madirowa osafika pokhala lamulo, ngakhale a Centre for Social Concern a ku Kanengo, a chipani chomwe chija cha ansembe chimene chinatsegula Bembeke, anaikumbutsa chaka ndi chaka. N'zosadabwitsa kwenikweni, popeza ambiri mwa opanga malamulo anali eni maesiteti kapena abale awo.

Ana a matchona aja nawonso anali ndi nkhondo yawo. M'mafamu a Zimbabwe, antchito ambiri anali zidzukulu za Amalawi, Amozambiki ndi Azambia, ndipo amayi ankalembedwa ngati antchito a nyengo chabe, otola thonje, osankha fodya ndi othyola maluwa. Mu 1997 antchito a m'mafamu kumeneko anachita sitalaka ya dziko lonse, anatseka misewu kufuna malipiro. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira 2000 kunawasiya ambiri opanda ntchito, opanda nyumba, ndipo ena opanda unzika. Amene anawalankhulira molimba mtima anali mayi, Gertrude Hambira, mlembi wamkulu wa bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ, amene anathawa m'dzikomo mu 2010 apolisi atayamba kumusaka chifukwa cha lipoti ndi filimu zoulula nkhanza zochitikira antchitowo. Ku South Africa, m'minda ya mphesa ya De Doorns, antchito a nyengo, ambiri mwa iwo amayi ndi obwera, anayamba sitalaka mu 2012 kufuna marandi 150 patsiku m'malo mwa 69. Mu March 2013 malipiro otsikitsitsa anakwera kufika pa 105. Kumenekonso anayamba ndi makomiti a antchito eni ake.

Kwathu, bungwe la Plantation and Agricultural Workers Union linasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi Tea Association of Malawi mu 2016. Linali phazi lalikulu. Koma pali bala limene mgwirizano wa malipiro sulifika. Mayi wolembedwa kwa miyezi yochepa amadalira kapitawo kuti dzina lake libwerere pa mndandanda nyengo yotsatira, ndipo mphamvu yotere imabala nkhanza. Amayi 36 anasumira kampani ya Camellia ku khoti la ku London, ponena kuti anagwiriridwa kapena kuzunzidwa pa maesiteti a Eastern Produce Malawi. Mu February 2021 kampaniyo inagwirizana nawo kunja kwa khoti, osavomera mlandu, ndipo inalonjeza kuika amayi oyang'anira chitetezo cha anzawo. Ndimawalemekeza amayi amenewa, pakuti m'mudzi nkhani yotere imatha ukwati ndipo manyazi amagwera wolakwiridwa. Koma zimandiwawa kuti chilungamo anakachipeza kutsidya kwa nyanja, kudzera mwa maloya a ku England, pamene dziko lawo lili ndi makhoti, maofesi a zantchito ndi mabungwe.

Fodya nayenso anayenda njira yomweyo. Pa 1 November 2019 dziko la America linaletsa fodya wa Malawi kulowa m'madoko ake chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi ya ana. Mu December 2020 alimi ndi ana awo oposa 7,000 anasumira British American Tobacco ndi Imperial ku London. Makampaniwo akukana mlanduwo. Mu 2021 nyumba ya malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Chimene matenanti anapempha zaka 26 chinatheka msika utagwedezeka. Chaka chomwecho aphungu anasinthanso lamulo la ubale wa pantchito, kulola olemba ntchito kudula malipiro a wonyanyala akapitirira masiku 3 pachaka. Kwa mphunzitsi zimenezo n'zowawa. Kwa wothyola tiyi ndi njala ya ana.

Tsono utenanti unathetsedwa papepala, ndipo amene anali matenanti akuyenera kukhala antchito olandira malipiro. Apa ndi pamene cholakwa chakale chingabwerezedwe mosavuta. Ngati kalata ya ntchito ilembedwa m'dzina la mwamuna yekha, koma wosoka fodya akhalabe mkazi wake, ndiye kuti tasintha dzina la chinthu osasintha chinthucho. Maofesala a zantchito m'maboma akamayendera maesiteti, awerenge anthu amene ali m'munda ndi pansi pa chigafa, kenako awerenge mayina amene ali m'buku, aone ngati zikufanana. Mabungwe a apantchito nawo asayembekezere mayi wa ganyu kuti abwere ku ofesi ku Lilongwe ndi ndalama ya umembala. Apite kumene iye ali, pa tsiku la msika, ndiponso pamene lole ikudzatenga anthu.

Kwa inu amayi a ku Bembeke, kwa Kamenyagwaza ndi midzi yozungulira: magulu muli nawo kale. Mumakumana ku banki mkhonde sabata ndi sabata, mumasunga buku, mumalipiritsa wochedwa, mumasonkherana pamaliro, mumayendetsa magulu a mpingo. M'magulu omwewo muli olemba ganyu ndi ogwira ganyu, ndipo ambiri a inu mumakhala mbali zonse ziwiri m'chaka chimodzi. Mvula isanagwe, khalani pansi mugwirizane mtengo wa mzere ndi wa ndime umene wina aliyense asatsike nawo, ndipo mtengowo ukhale womwewo kwa mlendo wochokera kutsidya kwa malire. Wachibale akamakwera lole ya ku fodya, mufunseni ngati dzina lake lalembedwa palokha ndi malipiro ake, ndipo ngati silinalembedwe, mupite naye ku ofesi ya zantchito pa boma la Dedza asananyamuke.